Waya wa Wailesi ya Bambo Anga

Chaka chatha, nyengo yozizira, ndinataya izi. Mkazi wanga Linesi, wa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Nyumba ya zipinda ziwiri ku Area 25, imene ndinasamukamo chifukwa inandikulira. Chizolowezi chogula nthochi pa siteji pochokera ku ntchito. Mabowo awiri a lamba wanga. Ndiponso munthu yekhayo amene ndinkakumbutsana naye za ubwana wathu ku Nsungwi.

Zinazo ndazisiya momwemo. Chomalizachi ndicho chandikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa nkhani imene ankaidziwa anthu awiri ikatsala ndi mmodzi, sipakhalanso wokudzudzula ukayamba kuikometsera.

Ndikukumbukira mdadada wa nyumba zinayi za lendi kumunsi kwa msika wa Nsungwi, za malata adzimbiri, mpope umodzi panja ndi mtengo wa mapeyala kuseri. Ife tinkakhala khomo lachiwiri. Kwathu ndi ku Mzimba, mudzi wina kupitirira Embangweni, koma ine ndinabadwira mu Lilongwe momwemuno, ndipo Chitumbuka ndinkachimva kwambiri pondikalipira ndi popemphera. Bambo anga, a Msiska, anali kalaliki pa nyumba ina yosungiramo fodya ku Kanengo, komanso mkulu wa mpingo. Anali munthu wa mawu ochepa, wovala malaya osita ngakhale Loweruka. Khomo lachinayi linali la banja lochokera ku Phalombe. Bambo a m'nyumbamo ankayendetsa lole ndipo ankasowa masiku atatu kapena anayi, mayi ankakazinga zitumbuwa. Mwana wawo woyamba anali Linesi. Chaka chimene ndikunenachi tonse tinali mu Sitandade 5. Iye anali wamtali kundiposa, ndipo sitinkagwirizana kwenikweni. Dzina langa ndine Vitumbiko, koma iye ankanditchula Vitu Mawaya, chifukwa cha magalimoto a waya amene ndinkakhalira kupanga.

Wailesi ya bambo inali yakale kuposa ine. Inali yolemera, ya chogwirira pamwamba, yodya mabatire akuluakulu anayi. Eliyo yake, kandodo kachitsulo kokolera mawu, inathyoka ine ndikukwawa, ndipo akuti anaithyola ndine. Kabatani kosinthira nakonso kanakakamira pamalo amodzi, pa malembo akuti SW, osasuntha ngakhale ndi pulayala. Choncho bambo anapempha kwa mnzawo wina wokonza mamota a magetsi waya wa kopa wochokera mu mota yopserera. Unali wofiirira, wonyezimira, wopyapyala ngati ulusi wosokera matumba. Anaumanga pa chitsa cha eliyo, nautulutsa pa kabowo ka pawindo, naukoka mpaka pa nthambi ya mtengo wa mapeyala uja. Waya ulipo, wailesi inkayankhula, ngakhale kuti mawu ake ankabwera ndi kupita ngati a munthu woyankhula akutembenukatembenuka. Waya palibe, inkangoti fwaa, ngati mafuta a zitumbuwa.

Pa galasi lake panali manambala: 31m, 49m, 60m, 90m. Ine ndinkayesa kuti akusonyeza mtunda wa kumene kwakhala anthu oyankhulawo, ndipo zinkandidabwitsa kuti ali pafupi chotero koma sitikuwaona. Tanthauzo lake ndinadzalimva ku koleji, kumene ndinaphunzira uphunzitsi wa sayansi. Kuwala kumene timaona, kutentha kwa mbaula kumene timamva kumaso titakhala chapatali, cheza chojambulira mafupa kuchipatala, ndi mafunde a wailesi, zonsezi ndi banja limodzi ndipo zimayenda pa liwiro limodzi. Zimasiyana pa kagwedezekedwe. Mafunde ena amagwedezeka kambirimbiri pa sekondi imodzi, ena kochepa. A wailesi ndiwo a pansi penipeni: amagwedezeka kochepa kuposa onse, ndipo pa chifukwa chomwecho ndiwo aatali kuposa onse. Mafunde a kuwala oposa chikwi amakwana pa milimita imodzi, pamene funde limodzi la pa 90m ndi lotalika pafupifupi ngati bwalo la mpira. Manambala aja anali kutalika kwa funde. Funde lalitali chotero limakodwa bwino ndi waya wautali. Komanso mafunde a mtundu umenewu sankabwera molunjika. Ankakwera m'mwamba, kugunda mpweya wa kutali kumwambako, n'kubwerera pansi, ndicho chifukwa mawu ankabwera ndi kupita. Bambo zonsezi sankazidziwa. Ankangodziwa kuti waya ukakhwefuka wailesi imadwala.

Masiku amenewo mafoni a m'manja anali a mabwana. Munthu akamwalira kumudzi, wachibale ankapalasa njinga kupita kumene kuli lamya, uthenga n'kutumizidwa ku nyumba youlutsira mawu. Mauthengawo ankawerengedwa m'mawa anthu asanapite ku ntchito, n'kubwerezedwa masana nkhani zikatha. Kwa anthu ngati ife, a kutali ndi kwathu, imeneyo sinali pulogalamu yomvera ukuchita zina. Kumudzi kunalibe kosungira mtembo. Munthu amwalira lero, mawa aikidwa, ndipo amene uthenga wamuphonya amakangopeza mtumbira.

Chaka chimenecho akulu awo a bambo, a Yotamu, anali kudwala. Ine ndinali nditawaonapo kawiri kokha. Koma bambo analeredwa ndi iwowo. Agogo atamwalira, a Yotamu anasiya sukulu n'kugwira khasu kuti mng'ono wawo aphunzire. Bambo anapita kukawaona kamodzi, nabwerako ali chete kuposa kale. Madzulo ake anatenga kachikwama kakang'ono n'kuikamo Baibulo, sopo, malaya oyera ndi paketi ya shuga, nakakankhira pansi pa bedi. Ndinawamva akuuza mayi kuti, "Ndikapanda kuwaona nkhope bokosi lisanakhomedwe, ndidzakhala munthu wotani?" Kuyambira pamenepo sankaphonya mauthenga aja. M'mawa ankamvera ataimirira, tayi ili m'manja. Masana, masiku a ntchito, ankamvera mayi.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndikulemba izi kuti pasakhale wondichepetsera mlandu ponena kuti ndinali mwana.

Inali tchuthi, nyengo ya mphepo ndi fumbi, imene anyamata a m'dera lathu tinkapikisana magalimoto pa msewu wotsikira ku chigayo. Yanga inali basi, ya mawilo a zitsekero za mabotolo ndi chiwongolero chofika m'chiuno. Thupi lake ndinapanga ndi waya wokhuthala wa mpanda, koma polumikizira pamafunika waya wofewa. Anzanga ankamanga ndi timizere ta chubu cha njinga, timene tinkaduka likawomba dzuwa. Ine tsiku lililonse ndinkadutsa pansi pa waya wa kopa uja ukunyezimira. Lachisanu masana, mayi ali ku msika, ndinakwera mu mtengo wa mapeyala ndi cholinga chodula pang'ono chabe, wotsala ku nthambi. Nditamasula, waya wonse unagwa pansi. Ndinauyang'ana uli m'fumbi, wautali, wofewa, ndipo ndinapita pawindo n'kuudula chakunja, kusiya kachidutswa kolendewera kuti m'nyumba zioneke ngati zonse zili m'malo. Pofika madzulo basi yanga inali ikuwala polumikizira paliponse. Bambo tsiku limenelo anali ku msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo atabwera sanatsegule wailesi.

Loweruka m'mamawa mayi anga ndi mayi a Linesi ananyamuka kukaphika ku ukwati ku Kawale. Bambo ankagwira theka la tsiku. Anatsegula wailesi nthawi yake ya masiku onse, ndipo inangoti fwaa. Anapotokola, naimenya pambali, nayang'ana waya pa chitsa cha eliyo, naona kuti ulipo ndipo ukutuluka pawindo monga mwa masiku onse. Ndiye anachita zimene aliyense ankachita. Anatulutsa mabatire, nawaluma pang'ono lililonse, nakawayanika pa denga la bafa.

"Dzuwa likakwera uwatembenuze," anatero, napita.

Ndinali pa mpope kutsuka mawilo a basi pamene Linesi anabwera ndi ndowa. Sanaike ndowayo pansi pa mpope. Anangoima.

"Vitu, a Yotamu Msiska ndi ndani kwa iwe?"

"Abambo aakulu. Bwanji?"

"Awatchula pa wailesi. Akuti dzulo madzulo. Aika mawa, mapemphero a m'mawa akatha." Anayang'ana khomo lathu. "Bambo ako amva?"

Ndinati mabatire atha. Iye anakweza maso kuyang'ana kumene kunkadutsa waya, kenako anayang'ana basi yanga. Ndi mmene ndinadziwira kuti wazindikira.

Amene sanakulire m'nyengo imeneyo angafunse chifukwa chimene sitinathamangire ku Kanengo kukawauza. Mwana sankanena za maliro. Uthenga wotero unkabwera ndi akuluakulu, awiri kapena atatu, n'kukhala pansi, kupatsana moni, kuyamba ndi mawu akuti matenda aja akula, mpaka wouzidwayo atazindikira yekha. Chaka cham'mbuyo mwana wina wa mdadada wa kutsogolo anathamangira mayi wina pa mpope n'kumuuza kuti mwamuna wake wagundidwa ndi galimoto. Mayiyo anakomoka pomwepo. Mwanayo anakwapulidwa ndi bambo ake, kenako ndi amalume ake, ndipo eni nyumba atamva anabweranso kudzawonjezera. Tonse tinaphunzirapo.

Njira yoyenera inalipo. Khomo loyamba munali mayi Fatsani, munthu wamkulu, ndipo Linesi anati tikawauze iwowo kuti apeze anthu okauza bambo. Ndinakana. Mayi Fatsani funso lawo loyamba likanakhala lakuti kodi wailesi ya a Msiska yatani, ndipo pofika masana Nsungwi yense akanadziwa kuti mwana wa mkulu wa mpingo anadula waya. Ndinamupempha Linesi kuti asauze munthu.

"Ndiye utani?"

"Ndiubwezera. Masana awerenganso. Amva okha."

"Basi ya kumpoto imadutsa nthawi yanji?"

Tonse tinkadziwa, chifukwa alendo athu tinkawaperekeza komweko. Yomaliza inkadutsa pa Kanengo cha m'ma 3 koloko. Bambo ankafika kunyumba 12 itapitirira. Mauthenga ankabwerezedwa 1 koloko itadutsa pang'ono. Nthawi inalipo, koma yongokwanira.

Tinakhala kuseri kwa nyumba kuphwasula basi yanga ya waya ija. Waya uja ndinali nditauduladula, ndipo tizidutswa tinatuluka topindikapindika, tina totalika ngati mkono, tina ngati chala. Linesi ankawongola pa mwala ndi chitsulo cha mbaula, ine n'kumalumikiza popotokola nsonga ziwiri pamodzi. Zala zinatupa. Mphepo inkatiponyera fumbi m'maso, ndipo kumsewu wa ku chigayo tinkamva anzanga akukuwa, mpikisano utayamba. Waya utakwana ndinakwera mu mtengo n'kuumanga pa nthambi yomweyo, ndi kuulumikiza ku kachidutswa ka pawindo. Unkaoneka ngati mkanda wopanga mwana, koma unafika. Ndinatsitsa mabatire pa denga la bafa, otentha ngati mbatata yootcha, n'kuwaika mu wailesi.

Inati fwaa.

Tinayendera mfundo iliyonse, kuilimbitsa ndi mano. Tinapakapo malovu, chifukwa Linesi anamvapo kuti magetsi amakonda madzi. Mawu amene ankamveka anali a kutali kwambiri, ngati munthu akuyankhulira m'chitsime, osamveka ngakhale chinenero chake.

"Galimoto waphwasula, wailesi wapha," anatero Linesi. "Chilipo chimene umatha iwe?"

Ndinabwezera mabatire pa denga, ndipo iye anapita kwawo.

Bambo anafika, navula nsapato, nakhala pa mpando wawo pakhonde. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja ndi mpunga wa nyemba umene mayi anasiya. Anaitanitsa wailesi ndi mabatire. Anayesa, namvetsera kulira kuja, napukusa mutu.

"Atheratu awa. Ndigula ena madzulo." Anatenga supuni. "Lero lokha sipangakhale kanthu."

Ndinaima pafupi ndi chitseko, beseni lili m'manja. Mawu ndinali nawo, onse, m'ndondomeko yake. Ndinkaona msana wa malaya awo, mzere wa simbi ukadali wowongoka. Kuchokera m'nyumba za kutsogolo ndinamva nyimbo yotsekera nkhani. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka chinali funso lakuti kodi ndiwonjezere madzi akumwa.

Bambo a Linesi anali ndi wailesi yatsopano, yaing'ono, ya FM, yosafuna waya wa pamtengo. Inkakhala pa kabati, yofunditsidwa kansalu koluka ndi manja. Ana ankaloledwa kuitsegula mayi awo akawatuma, koma kuisuntha pamalo pake kunali koletsedwa, ndipo lamulo limeneli mdadada wonse unkalidziwa. Ndinaona Linesi akutuluka pa khomo lawo ataigwira ndi manja awiri, kansalu kakadali pamwamba, akuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mbale yodzaza msuzi. Anafika pakhonde pathu nagwada.

"Odi. Abambo, ndamva kuti yanu ikuvuta. Mumvereko iyi."

"Bambo ako akudziwa?"

"Sanabwere."

Limeneli silinali yankho, ndipo bambo anadziwa. Anamuyang'ana kanthawi. Iye anali atayang'ana pansi. Kenako bambo anasuntha mbale yawo kuti pa tebulo papezeke malo, ndipo Linesi anaika wailesi ija, nachotsa kansalu, natsegula. Mawu anatuluka oyera, ngati munthuyo wakhala nafe pakhonde pomwepo.

Ndinawerenga mauthengawo pa zala. Woyamba unali wa ku Nsanje, wachiwiri wa ku Dowa. Wathu unali wachisanu ndi chimodzi. Unkapita kwa bambo Msiska, ogwira ntchito ku Kanengo ndipo okhala ku Nsungwi mu Lilongwe, wonena kuti akulu awo a Yotamu Msiska atisiya dzulo madzulo, mwambo woika m'manda ndi mawa kumudzi kwawo, ndipo aliyense amene wamva awadziwitse.

Bambo sanasunthe. Supuni inali m'manja. Anamvera uthenga wotsatira mpaka kumapeto, wa anthu a ku Machinga amene sitinkawadziwa, ndipo ndikuganiza kuti sanafune kudula maliro a eni pakati. Utatha anatseka wailesi, natenga kansalu kaja n'kufunditsa okha, kuwongola m'makona.

"Yewo, mama," anatero kwa Linesi, kumuthokoza m'Chitumbuka. "Kaibwezere pamalo pake."

Analowa m'nyumba, natuluka atavala jekete yakuda, kachikwama kaja kali m'manja. Anandiuza kuti mayi akabwera ndiwauze kuti apita kumudzi, zokhazo basi, zinazo adzawauza ndi akuluakulu. Ndinafuna kuwanyamulira chikwama mpaka ku msewu koma anakana. Pokhota pa ngodya ya nyumba anaima pang'ono n'kuyang'ana ku mtengo wa mapeyala, kenako anapitirira.

Dzuwa likupendeka, mayi atangobwera ku ukwati, kunafika akulu a mpingo atatu, onse a majekete. Uthenga anaumva m'mawa, koma tsiku linathera kufunafunana kuti abwere okwanira monga mwa mwambo. Atamva kuti a Msiska ananyamuka kale anayang'anana, koma popeza anali atakhala kale pansi, anayambabe poyambira pake, kuti matenda aja a kumudzi akula.

Madzulo omwewo bambo a Linesi anabwera ku ulendo, ndipo mlongo wa Linesi wamng'ono sanadikire n'komwe kuti avule nsapato asanawauze za wailesi. Ndinamva lamba ndili pa mpope. Anamukwapula Linesi kanayi. Ankamufunsa chimene anaitulutsira, iye n'kumangoti anafuna kuti a Msiska amvereko. Za waya sananene. Ine ndinaima pa mpopepo mpaka ndowa inasefukira. M'mawa mwake mayi ake atafotokoza zonse, bambowo anachita manyazi namugulira botolo la zakumwa, limene anamwera pakhonde pawo pang'onopang'ono, akundiyang'ana.

Bambo anabwerako patatha sabata. Za ulendo wawo ndinazimva akufotokozera mayi. Basi anaipeza ikunyamuka, ndipo anaima chiimire mpaka ku Kasungu. Pa Jenda anatsika kutada, galimoto yolowera ku Embangweni palibe, nagona pakhonde pa sitolo. Kutacha anakwera kumbuyo kwa kagalimoto konyamula chimanga, kwinako anayenda wapansi. Anafika bokosi litatulutsidwa kale panja, chivundikiro chili pamwamba, mmisiri ali ndi hamala m'manja. Anthu atawaona anapatuka, ndipo chivundikiro chinachotsedwanso. Nkhope anaiona. Koma alongo awo anawauza pamaso pa anthu kuti mwana wa m'tauni wagona pa sitolo usiku wa maliro a mkulu wake, pamene alendo ndiwo anachezera pa siwa. Akanamva uthenga wa m'mawa akanafika tsiku lomwelo. Izi bambo anazinena kamodzi kokha, ndi mawu omwe ankawerengera zolengeza ku tchalitchi.

Tsiku lotsatira anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali atatsitsa waya wanga uja, ndipo m'manja anali ndi lezala. Ndinayembekezera mkwapulo. Anamasula mfundo imodzi, napala nsonga zake ndi lezala mpaka mtundu unasintha, kuchoka pa kufiirira kufika pa kuwala kotuwa.

"Waya wa mu mota uli ndi utoto wosaoneka," anatero. "Ukalumikiza osapala, wangomanga mfundo. Palibe chimene chidutse."

Anandipatsa lezala. Mfundo zinalipo khumi ndi zinayi, ndipo ndinapala zonse iwo ataima pomwepo. Titaumanganso, wailesi inayankhula. Sanandifunse kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mkwapulo ukanandipepukira.

Patapita zaka ziwiri banja la a Linesi linasamukira ku Chinsapo, ndipo tinasowana. Tinadzakumananso ndili chaka chomaliza ku koleji, m'depoti ya maminibasi m'tauni, pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga akuti, "Vitu Mawaya." Anali akugwira ntchito pa sitolo ina yogulitsa mankhwala. Tinakhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi. Tikasemphana mawu ankakonda kutseka nkhani ponena kuti, "Ine ndinakwapulidwapo chifukwa cha inu." Pa nkhani ya tsiku lija tinkatsutsana zinthu ziwiri. Iye ankati uthenga wathu unali wachinayi, osati wachisanu ndi chimodzi, ndiponso ankati anakwapulidwa kasanu. Ndalemba monga ndikukumbukira ine.

Lero palibe amene amamanga waya ku mtengo. Foni ya m'thumba imagwiritsabe ntchito mafunde a wailesi, a m'banja lomwe lija la pansi, kungoti ake ndi aafupi, otalika pafupifupi ngati rula ya kusukulu, ndipo eliyo yake imabisika m'kati. Chaka chilichonse ndimafotokozera izi ana a Fomu 4, ndi kuwajambulira mzere pa bolodi, a wailesi kumanzere kwenikweni. Amalemba, ena amakhoza. Sindiwauza kuti uthenga umene kale unkatenga tsiku kuti upeze mwini wake tsopano umafika kwa anthu zana mwiniyo asanamve, ndiponso kuti sipakhala woyamba ndi moni.

Linesi anagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Anali matenda a impso, amene anadziwika mochedwa. Ankamudikirira ndi mayi ake, ine ndinkapita m'mawa ndisanalowe m'kalasi ndi madzulo ndikaweruka. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinali ndi Fomu 4 maola awiri otsatizana, mayeso ali pafupi, ndipo foni inali m'thumba nditaitseka mawu monga mwa lamulo la pasukulu. Ndinaimva ikunjenjemera pa ntchafu, kamodzi, kenako kosalekeza. Ndinamaliza chitsanzo chimene ndinayamba pa bolodi. Nditatuluka panja ndinapeza mauthenga makumi atatu ndi mphambu. Woyamba unali wa pa gulu la kwaya yake: chithunzi chake cha tsiku la ukwati wathu, ndi kandulo pansi pake. Wina amene anali mu wodi imene anagonekedwa anali atalemba kale. Apongozi anga sanandiimbire. Anali atakhala pa benchi panja pa wodi, akudikira amalume ake a Linesi ndi mkulu wina wa mpingo kuti abwere kudzandiuza kusukulu monga kuyenera. Ndinakumana nawo anthu awiriwo pa geti la chipatala, iwo akutuluka ine ndikulowa, ndipo anavula zipewa osadziwa poyambira.

M'mawa wa tsiku limenelo ndinamupeza Linesi ali bwinoko. Anali atakhala tsonga, atamwa phala theka la kapu, ndipo anadandaula kuti kolala ya malaya anga sinasitidwe bwino. Ndinamuuza kuti ndipempha mnzanga andigwirire kalasi, ndikhale naye mpaka masana. Anapukusa mutu, nandikankha pang'ono pa mkono.

"Ana a eni akulemba mayeso. Pitani mukaphunzitse, mundipeza."